Kalata ya Mizere Itatu

Tsiku loti Zefaniya atuluke m'ndende, mkazi wake Ndapeza anafika pachipata dzuwa lisanakwere. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya ku Dedza inkaluma makutu. Ananyamula jekete ya mwamuna wakeyo, chifukwa anamangidwa mu Okutobala, nthawi yotentha, atavala malaya okha. Chipata chinatsegulidwa kawiri. Koyamba kunatuluka amuna atatu, kachiwiri mmodzi wotsimphina. Zefaniya panalibe.

Dzuwa litafika pamutu, msilikali wa ndende amene ankamuona kuyambira m'mawa anamuyandikira.

"Mayi, mukudikira ndani?"

"A Zefaniya a ku Mphunzi. Lero ndi tsiku lawo lotuluka."

Msilikaliyo analowa mkati, n'kubwerako atagwira pepala. "Chilango chawo chatha, zimenezo n'zoona. Koma satuluka. Kwabwera kalata yochokera ku Lilongwe. Akuti amuna anu si a dziko lino, ndiye awabwezera kwawo."

"Kwawo kuti?"

"Ku Mozambique."

Ndapeza anaseka, poganiza kuti asokoneza mayina. Ataona kuti msilikaliyo sakuseka, anakhala pamwala umene unali pambali pa chipata.

N'zoona kuti Zefaniya anabadwira tsidya la malire. Anafika ku Mphunzi mu 1986 ali kumbuyo kwa mayi ake, pothawa nkhondo, ali ndi zaka ziwiri. Mayiwo anamwalira dzinja lotsatira, ndipo mwanayo anatengedwa ndi a Rafaelo, katekisiti wa tchalitchi cha m'mudzimo, amene anamulera pamodzi ndi ana awo. Nkhondo itatha, othawa kwawo anakwera magalimoto kubwerera, koma palibe anabwera kudzafunsa za Zefaniya. Anaphunzira pasukulu ya pomwepo mpaka Sitandade 7, anakwatira Ndapeza, anamanga nyumba pamudzi wa mkazi wake, anabereka ana atatu. Chipwitikizi sankadziwa ngakhale moni. Chaka chimene anthu ankalembetsa zitupa za unzika, kalaliki anamufunsa kumene anabadwira, iye n'kunena zoona. Kalalikiyo anaika fomu yake pambali, nati adzamuitana. Sanamuitane, ndipo Zefaniya sanalondole, popeza kulima kachewere sikufuna chitupa.

Pa za mlandu, Ndapeza sankamuikira kumbuyo. Zefaniya anachitadi. Chaka chimene kachewere anawolera m'minda posowa ogula, dalaivala wina wa lole anamunyengerera kuti aike mapaketi awiri a chamba pansi pa matumba ake opita kumsika ku Lilongwe. Zefaniya ankadziwa zimene zinali m'mapaketimo. Apolisi atasecha lole panjira, dalaivala anati katunduyo si wake, ndipo pamatumbapo panali dzina la Zefaniya. Kukhoti anavomera mlandu osavuta. Ndapeza anatha miyezi itatu osapita kukamuona chifukwa cha ukali. Kenako mtima unatsika, n'kuyamba kuyembekezera tsiku lotuluka. Anapirira miyezi yonse makumi awiri. Panalibe amene anamuuza kuti ikadzatha padzayamba china.

Nkhaniyi inafika m'manja mwa loya wamkazi, Alinafe Zikhalo, wa bungwe lina lothandiza anthu osauka pa milandu mwaulere. Anali mayi wolankhula mofulumira, woyenda ndi mafayilo m'chikwama cha kumsana. Anakumana ndi Ndapeza m'kachipinda kena pa boma pa Dedza.

"Poyamba tipempha ofesi yoona za alendo kuti iwalole amuna anu kukhala," anatero. "Munthu wakhala muno zaka pafupifupi makumi anayi, ali ndi mkazi ndi ana. Lamulo limalola kuti munthu wotere amuchitire chifundo. Tikalemba bwino, ndikukhulupirira atimvera."

Analemba masamba asanu ndi limodzi. Yankho linabwera patatha miyezi iwiri. Alinafe anamuitananso Ndapeza, n'kumuwerengera kalatayo m'Chichewa pang'onopang'ono. Inali ya mizere itatu. Woyamba unati pempho lakanidwa. Wachiwiri unati wopemphayo analowa m'dziko muno mu 2016 popanda chilolezo, ndipo alibe banja kapena munda muno. Wachitatu unati anapezeka wolakwa pa mlandu wa chamba.

"Muwerengenso wachiwiriwo," anatero Ndapeza.

Alinafe anawerenganso.

"Alibe banja? Nanga ine ndine ndani? Ana atatu aja ndinawatola kuti? Mu 2016 Tikondwe wathu woyamba anali kale Sitandade 4!"

"Ndikuganiza kuti asokoneza ndi fayilo ya munthu wina, kapena wolembayo sanawerenge n'komwe zimene tinatumiza. Ndawaimbira foni kanayi. Akuti amene anasaina ali patchuthi, ndipo akuti chigamulo chikatuluka sichibwereranso pa tebulo lawo. Chatsala ndi kuchita apilo ku khoti lalikulu."

"Ndiye kukhotiko akaona kuti ndi bodza?"

"Tikayesa kuwaonetsa. Inu mundisonkhanitsire chilichonse cholembedwa chosonyeza kuti amuna anu anakulira kuno."

Ndapeza anayambira kwa a Rafaelo. Anali atakalamba kwambiri, maso akuona movutikira, koma atamva nkhaniyo anadzuka okha kukatsegula bokosi lachitsulo limene linali pansi pa bedi lawo. Anatulutsa buku la ubatizo lachikuto chakuda, nauza Ndapeza kuti atsegule chaka cha 1987. Dzina linalipo, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe, inki itasanduka yofiirira.

"Ndinamunyamula ndekha m'manja umu," anatero. "Ankalira ngati akumupha, poti madzi anali ozizira. Akuti anabwera 2016? Amene walemba zimenezo abwere adzandifunse."

"Sabwera, agogo. Ndibwerekeni bukuli ndikalikopetse."

"Bukuli silichoka m'manja mwanga. Tipitira limodzi."

Anakwera njinga yamoto, buku atalikulunga m'chitenje, mpaka pa msika pamene panali makina okopera mapepala. Anapeza magetsi atazima. Anadikira pakhonde la sitolo mpaka dzuwa kupendeka, magetsi osayaka. Mawa lake anabwereranso, a Rafaelo akudandaula msana njira yonse, ndipo ulendo uno zinatheka. Kusukulu ahedi anapeza kaundula wakale m'kabati, theka lake litadyedwa ndi chiswe, koma tsamba la 1991 linali lathunthu. Ndapeza anawonjezera setifiketi ya ukwati, makadi a kusikelo a ana onse atatu, ndi kalata ya gulu la alimi a kachewere yosainidwa ndi anthu makumi atatu. Zonse zinalowa m'envulopu yaikulu ya khaki, ndipo Alinafe anaimata ndi tepi, n'kulembapo nambala ya mlandu.

Sabata zimenezo munda unagonera. Mchimwene wake wa Ndapeza, Ezara, anamupeza madzulo ena akutsika njinga yamoto, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

"Achemwali, anzanu atha kale kupanga mizere. Inu tsiku ndi tsiku muli pamsewu. Mvula ikagwa mudzabzala mapepalawo?"

"Mukufuna nditani, achimwene?"

"Alamu anadziputira okha. Palibe anawatuma kunyamula chamba."

"Za chamba anagwira kale ukaidi wake, miyezi makumi awiri. Ichi ndi china. Akuwathamangitsa chifukwa cha bodza."

"Boma silinama pa pepala."

"Ndiye kuti inu mulibe mlamu. Ukwati uja munavina wa ndani?"

Ezara anatembenuka n'kumapita. Sanalankhulanenso kwa mwezi wathunthu.

Mlandu unaikidwa mu Okutobala. Ndapeza ananyamuka ku Mphunzi m'mamawa, njinga yamoto mpaka pa msewu wa phula, minibasi mpaka Lilongwe. Atafika kukhoti anapeza pepala lomatidwa pachitseko lonena kuti a jaji apita ku msonkhano, milandu yonse ya tsikulo yasunthidwa. Ulendo wachiwiri, mu Novembala, a jaji analipo, koma loya wa boma anaimirira n'kunena kuti fayilo sinamufike kuchokera ku ofesi ija. Zefaniya nayenso a ndende sanabwere naye, akuti galimoto ya ndende inalibe mafuta. Zonse zinatenga mphindi zosakwana zisanu. Ndapeza anabwerera mvula ikumuthira, n'kukafika kumudzi anzake atabzala kale.

Ulendo wachitatu unali mu Januwale. Tsiku limenelo onse analipo. Zefaniya analowa atamangidwa unyolo limodzi ndi munthu wina, ataonda mpaka khosi kutalika. Anayang'ana mkazi wake, n'kugwetsa maso. Ndapeza anakhala pa benchi yachiwiri, pafupi ndi womasulira, chifukwa zonse zinkanenedwa m'Chingerezi.

Alinafe anayamba. Analankhula nthawi yaitali, akukweza envulopu ya khaki ija. Womasulira anangoti, "Akunena kuti zimene zili m'kalata ya ofesi si zoona, ndipo umboni wake uli m'envulopumo."

Kenako anaimirira loya wa boma, bambo wamagalasi wolankhula modekha. Envulopu ija sanaiyang'ane n'komwe. Anatsegula buku lalikulu n'kuwerenga ndime imodzi, kawiri.

"Akuti chiyani?" Ndapeza ananong'oneza.

"Akuti mlendo akapezeka wolakwa pa mlandu wa chamba, zoti akhale kapena apite amagamula ndi a ofesi okha. Khoti lino lingathe kungoona ngati ofesi inatsata ndondomeko. Silingaunikenso ngati zimene ofesi inapeza ndi zoona kapena ayi."

"Sindikumva. Ndondomeko yake iti?"

Womasulira asanayankhe, a jaji anayamba kufunsa Alinafe mafunso. A jajiwo anali bambo wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu, wosaoneka wankhanza. Womasulira ankatsatira pambuyo pawo.

"Kodi munthuyu anapatsidwa mwayi wolemba pempho?"

"Inde, bwana."

"Kodi anayankhidwa polemba?"

"Anayankhidwa, koma yankholo ndi la munthu wina. Chaka chake n'cholakwika, za banja n'zolakwika."

"Kodi mlandu wa chamba akuukana?"

"Sakuukana."

"Nanga amene anasaina kalatayo ndi amene lamulo linamupatsa mphamvu yosaina?"

"Ndi yemweyo, bwana. Koma chigamulo chochokera pa zinthu zabodza sichingakhale chigamulo. Ngati ofesi sinawerenge pempho, ndiye kuti sinamumve munthuyu, ndipo kusamumva ndi kuphwanya ndondomeko."

"Muli ndi umboni woti sinawerenge? Kapena inawerenga koma sinakhulupirire?"

Pamenepo Ndapeza sanathenso kupirira. Anaimirira.

"Bwana, ine ndine mkazi wake! Ndili pano! Akuti alibe banja, ine ndili pano!"

Wapolisi wa pakhomo anayamba kuyenda kubwera kumene iye anali, koma a jaji anakweza dzanja kumuletsa. Anamuyang'ana Ndapeza, n'kulankhula m'Chichewa.

"Mayi, ndakuonani, ndipo ndakumvani. Khalani pansi. Zimene mwanenazo sindingazilembe, chifukwa si zimene ndafunsidwa kuti ndigamule."

"Nanga mwafunsidwa chiyani?"

"Khalani pansi, mayi."

Anakhala.

Chigamulo chinatuluka patatha sabata zisanu ndi ziwiri. Ndapeza anapitanso, ulendo wachinayi. A jaji anawerenga kwa mphindi khumi. Apilo inakanidwa. Panja, pansi pa mtengo wa m'bwalo la khoti, Alinafe anamufotokozera bwino.

"A jaji alemba kuti zimene zili m'kalata ija zikukayikitsa, ndipo akanakhala iwo akanafuna kuziunikanso. Koma akuti lamulo silinawapatse mphamvu imeneyo pa munthu wa mlandu wa chamba. Akanakhala kuti amuna anu anamangidwa pa mlandu wina, ngati wakuba mbuzi, envulopu ija akanaitsegula."

"Akanaitsegula? Ndiye kuti sanaitsegule?"

Alinafe anapisa m'chikwama. Kalaliki wa khoti anali atamubwezera envulopuyo. Tepi inali momwe anaimatira ku Dedza.

Ndapeza anaitenga, n'kuitembenuza kawiri. Anakumbukira a Rafaelo pa njinga yamoto, atagwira buku pachifuwa.

"Ndiye mundiuze, a loya. Ofesi yanama, a jaji akudziwa kuti yanama, inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Amene angakonze ndi ndani?"

"Ofesi yomweyo."

"Imene ikuti chikatuluka sichibwerera?"

"Yomweyo. Kapena khoti lina loposa ili. Ndikalemba kumeneko sabata ino. Ndikanena kuti kulakwitsa chaka ndi banja la munthu si nkhani ya kukhulupirira kapena kusakhulupirira, koma ndi kuweruza munthu wolakwika. Ndipemphanso kuti asawachotse m'dziko kufikira khotilo litamva."

"Avomera?"

"Sindikudziwa, mayi. Poyamba paja ndinakulonjezani zambiri. Sindibwerezanso."

Pempho loti asamuchotse lisanayankhidwe n'komwe, Zefaniya anachotsedwa. Ndapeza anadziwira pachipata cha ndende, Loweruka lina atapita ndi mtedza wokazinga ndi sopo. Msilikali anayang'ana m'buku, nati munthuyo anamutenga dzulo lake m'mawa, kupita naye kumalire. Kumene anakamusiya kwenikweni sankadziwa. Ndapeza anaimbira Alinafe, ndipo nayenso anali asanamve. Anamva loyayo akumenya tebulo ndi dzanja.

Anatha masiku atatu osadziwa kanthu. Tsiku lachinayi foni inalira, nambala yachilendo.

"Amake Tikondwe, ndine. Ndabwereka foni ya munthu. Ndili ku Lizulu, mbali ya Mozambique. Mubwere tsiku la msika."

Ku Lizulu msewu waukulu ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo tsiku la msika anthu amawoloka uku ndi uku atasenza kabichi ndi tomato popanda wowafunsa. Ndapeza anamupeza mwamuna wake atakhala pa thumba la makala, kuseri kwa ogulitsa anyezi, mbali inayo. Anapatsana moni wa m'manja ngati anthu odziwana patali. Kenako anakhala pansi pambali pake.

"Anakusiyani bwanji?"

"Ananditsitsa pachipata cha malire, n'kundipereka kwa asilikali a kuno. Iwo anandifunsa mafunso m'Chipwitikizi, ine osamva. Anaitana wina wodziwa Chichewa. Anandifunsa mudzi wa kwathu, ine ndinati Mphunzi. Anaseka. Anati mudzi wa kuno. Ndinati sindiudziwa, mayi anga anamwalira ndisanadziwe kufunsa. Ndiye akuti nawonso sangandipatse chitupa popanda mboni ya m'mudzi umene ndinabadwira."

"Ndiye kuno si kwanu, uko si kwanu."

"Anangondiuza kuti ndizipita. Ndayenda masiku awiri kufika pano. Pali mkulu wina dzina lake Stefano, ali ndi madimba a kachewere kumtunda uko. Wandilola kugona m'shedi yake ndikamamulimira." Anayang'ana magalimoto odutsa. "Ndaganiza, amake Tikondwe. Njira zachidule ndikuzidziwa. Nditanyamuka m'mawa, mawa lake ndili ku Mphunzi. Ndani angadziwe?"

"Mudzi wonse ungadziwe. Ndafunsa kale a loya. Akuti mukagwidwa muli mbali ino, mubwerera kundende, ndipo apilo yatsopanoyo ithera pomwepo."

"Apilo! Ija yoyamba yatipindulira chiyani?"

"Mukundifunsa ine?" Mawu a Ndapeza anakwera, ndipo mayi wogulitsa anyezi anatembenuka. "Ine amene ndayenda kanayi ku Lilongwe? Chimanga changa chaka chino ndi chofika m'chiuno chifukwa ndinabzala mochedwa. Tikondwe analephera mayeso, poti ankalera azing'ono ake ine ndili pamsewu. Achimwene sakundilankhula bwino mpaka lero. A Rafaelo akudwala msana kuchokera tsiku lija. Inu munkadziwa zimene zinali m'mapaketi aja. Munkadziwa! Ofesi yanama, inde, koma amene anaitsegulira khomo ndi inu."

Zefaniya anatola kachidutswa ka khala pansi, n'kumakaphwanya ndi zala.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinkaganiza kuti ndikagwidwa ndi ndende basi. Kuti ndine mlendo ndinali nditaiwala. Sindinadzionepo ngati mlendo."

Ndapeza anali atasunga mawu ake aja miyezi yambiri, ndipo atawatulutsa sanamve kupepukidwa kulikonse. Anamasula kathumba kamene anabweretsa, n'kumupatsa mtedza uja ndi sopo.

"Musawoloke," anatero. "Mukawoloka, zonse ndinayendera zija zapita pachabe. Ndizibwera ine. Mwezi wamawa ndibwera ndi ana."

"Adzandiona ndikugona m'shedi ya munthu."

"Anakuonani kale m'ndende. Shedi si kanthu."

Zinakhaladi choncho. Zefaniya anakhala kwa Stefano, akulima ndi kuthirira madimba a eni ake, ndipo popeza kachewere ankamudziwa bwino, patapita miyezi ingapo anapatsidwa kachigawo kakekake m'mphepete mwa mtsinje. Ndapeza ankapita ku Lizulu kawiri pa mwezi, nthawi zina ndi ana, nthawi zina yekha. Ankakhala kuseri kwa ogulitsa anyezi, kukambirana za sukulu, za denga lodontha, za amene wamwalira kumudzi. Dzuwa likapendeka iye ankawoloka msewu kukakwera minibasi, mwamuna wake n'kutsala ataima mbali inayo. A Rafaelo anamwalira mu Julayi, ndipo Zefaniya anamva za maliro a munthu amene anamulera patatha masiku asanu ndi anayi, ataikidwa kale.

Mu Seputembala Alinafe anaimba foni. Ndapeza anali kumunda, akusosa.

"Mayi, khoti lija layankha. Lavomera kumva apilo yathu."

Ndapeza anaika khasu pansi. "Liti?"

"Poyamba akufuna zonse zimene zinanenedwa m'khoti loyamba zitayipidwe. Wotayipa alipo mmodzi, ndipo milandu ili patsogolo pathu ndi yambiri. Akatha, ndiye adzatipatsa tsiku. Akuti mwina Epulo."

"Epulo akubwerayu?"

"Sananene kuti uti."

"Nanga akadzamva, adzanena kuti a Zefaniya abwerere?"

"Ayi. Tikadzapambana, adzanena kuti khoti loyamba lija lili ndi mphamvu younika umboni. Ndiye tidzabwerera kwa a jaji aja kukayambiranso."

Ndapeza anayang'ana mapiri a kum'mwera, kumene utsi wa moto wa m'tchire unkakwera. Foni inali chigwirire kukhutu.

"Mayi, mukundimva?"

"Ndikumva."

"Tipitirize?"

"Pitirizani. Nanga tisiyira pati?"

Anadula foni, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Mapesi amene anaunjika m'mawa anali atabalalika ndi mphepo, ndipo anayamba kuwasonkhanitsanso.